Mafuta pa Patapata

Pikapu yanga inali yakale kuposa ukwati wathu, ndipo mabuleki ake anandikalambitsa. Pafupifupi mmawa uliwonse ndinkagona chagada pafumbi ndi sipanala, mkazi wanga ali pampando wa dalaivala kupopa. Kuchotsa mpweya m'mabuleki ndi ntchito ya anthu awiri: wina amaponda kangapo n'kugwira, wina amamasula kanati ka kuteyala kuti thovu lituluke. Mayiyu sanayendetsepo galimoto, koma phazi lake linkaidziwa buleki ija kuposa langa. Zimenezi sindinkafuna kuzimva.

Nthawi imene ndikunenayi mafuta ankatha botolo pa masiku atatu. Ndinayang'ana mateyala onse anayi, ndinasisita mapaipi ndi chala kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, osapeza ponyowa. Amakanika a pa Boma anati ndi mpweya basi, ndipo ndinavomera chifukwa ndinali nditatopa nako kufufuza.

Loweruka lina ndinayenera kunyamula amayi a kumpingo kwathu kuchokera ku Manyamula kupita kumsonkhano ku Embangweni. Kwathu ukakhala ndi galimoto sukana mpingo kapena maliro. Tikupopa mmawa umenewo, mkazi wanga anandiuza kuti akaponda n'kugwira, buleki ikumira pang'onopang'ono. Anandionetsanso patapata wake, ali noninoni mafuta. Ndinamuyankha kuti za galimoto azisiyira eni ake.

Anavala yunifolomu yake yoyera, koma kukwera anakana, ndipo anauza anzake chifukwa chake ine ndili pomwepo. Manyazi anandigwira, mkwiyo n'kubwera pamwamba. Ndinaseka, n'kunena kuti mkazi wangayu ndi wamantha chibadwire. Atatu anatsala naye, ena onse anakwera akuyimba.

Pa mtsetse wina wotsikira ku kamlatho, buleki inangoti fwa mpaka pansi. Ndinapopa, palibe. Ndinagwetsa giya, n'kukhotera mumchenga wa m'mbali, mpaka tinakaima m'munda wa chimanga cha eni. Palibe anavulala. Amayi aja anatsika mmodzimmodzi, kukonza mipango yawo, n'kuyamba ulendo wapansi. Wamkulu wawo anangothokoza m'Chitumbuka kuti, “Yewo, adada,” osandiyang'ana.

Nditatsala ndekha ndinasuzumira pansi pa chiwongolero. Rabala ya mu masita silinda, kapampu kamene buleki imakankha, inali itatha, ndipo mafuta ankatsikira mkati momwemo n'kumwedwa ndi kapeti. Masabata onse aja ndinkawafuna kunja, ndili chagada.

Thirakitala inandikokera kunyumba masana. Mkazi wanga ndinamupeza akusankha nyemba pakhonde, yunifolomu atavula kale. Nkhani inali itafika ine ndisanafike. Ndinayembekeza kukalipiridwa, ndipo ndikanakonda zimenezo. Iye anandipatsa madzi akumwa, n'kudikira ndimalize.

“Mwandiseka chomene pa wanthu,” anatero. “Mbwenu akanafa amayi aja, kumaliro kwawo mukanasekanso?”