Anandituma kukatsitsa ababa m'bwato

Pabanja pathu ntchito zowawa zonse amasungira ine. Kukauza munthu kuti mbuzi yake yatha chinangwa chathu, ndine. Kukadzudzula mkamwini waulesi, ndine. Akuti poti ndine mphunzitsi ndipo ndimasita thalauza, mawu anga amalemera. Ndiye pamene ng'ala inayamba kuphimba maso a ababa, achemwali anga aakulu anandiimbira foni ndili pa Ulongwe, kumene ndimaphunzitsa.

"Achimwene, mubwere mudzawauze ababa kuti za kunyanja basi. Ife ndi amayi atikanika. Kapena mukufuna tidzakuitaneni pa maliro?"

Nkhani inali yakuti sabata yapitayo asodzi anzawo anawapeza masana akupalasa molunjika ku Mozambiki, m'malo mobwerera kudoko. Atawafunsa, ababa anati amafuna malo atsopano otchera. Palibe anakhulupirira, chifukwa kunyumba anali atapereka kale salamu kwa mtondo wosinjira, poyesa kuti ndi mlendo wakhala pakhonde.

Kwathu ndi kwa Kawinga, kufupi ndi nyanja ya Chilwa. Ababa anayamba kusodza ndevu zisanamere, ndipo ife tonse tinakula ndi milamba ya m'bwato lawo. Ine ndekha ndi amene ndinathawa nkhafi n'kugwira choko. Ulendo wonse ndinkayeseza mawu oti ndikanene, koma mtima unkandiuza kuti akakana. Motero ndinadzera pa kaunjika n'kuwagulira jekete ija yoyandamitsa munthu pamadzi, yofiirira ngati papaya wakupsa, kuti akakana kusiya, bola azivala.

Ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango akumanga mbedza. Anandizindikira ndi mayendedwe ndisanalankhule. Jekete anailandira ndi manja awiri, anaifinyafinya, anainunkhiza, n'kunena kuti, "Chinthu chabwino ichi." Ndinakondwa. Nditabwerako kopereka moni kwa azakhali, ndinapeza aitumbula ndi mpeni, zam'kati zija akuzidula timabenthu toyandamitsira chingwe cha mbedza.

"Ababa, imeneyotu inali yoti muzivala!"

"Iyayi, ine kusambira ndimatha. Chingwechi ndiye sichitha."

Amayi, amene ankapeta mpunga chapafupi, anangotsonya. Ndinakhosomola kuti ndiyambe uthenga wanga, koma ababa anandidula.

"Zimene akutumazo ndikuzidziwa. Udzandiuze mawa tili pamadzi. Nkhani ya bwato sitikambira pamtunda."

M'mawa atatha kupemphera swala tinatsikira kudoko, iwo patsogolo, ine pambuyo nditapinda thalauza langa lositalo. Mabwato analipo ambiri, koma iwo anayenda molunjika, n'kugwira lawo pamphuno monga munthu agwirira ng'ombe yake. Bwato limenelo ndi lachikale, losemedwa pamtengo umodzi, ndipo ndi lalikulu kwa ine pobadwa. Ndili mwana ndinkachita nalo manyazi chifukwa cha zigamba. Apa chigamba cha lata chokhomedwa ndi timisomali, apo phula, apo beseni lapulasitiki losungunulidwa pamoto n'kumatidwa pamng'alu. Tsiku limenelo ndinaliyang'ana ndi maso a munthu wamkulu, ndipo ndinachita manyazi ndi manyazi anga aja.

Munalibe kanthu kongoponyedwa m'bwatomo. Mpando wawo unali kathabwa kokutidwa ndi mphira ya tayala, kotsetserekera pang'ono kutsogolo kuti msana usatope. Kudzanja lamanja, m'mbali mwa bwato, anamangamo malegeni awiri momwe nsungwi yaitali yokankhira inkagona osagubuduka. Nkhafi inali ndi chingwe chake chomangidwa kumpando, kuti ikapulumuka m'manja isapite ndi madzi. Chokapira madzi chinali chigubu cha mafuta ophikira chodulidwa mopendeka, kamwa lake lofanana ndendende ndi mimba ya bwato. Mbedza zinali zobayidwa pamzere pa chidutswa cha patapata. Foni inkakhala m'botolo lotseka bwino, limodzi ndi machesi. Nangula anali mutu wa khasu lakutha womangidwa pamwala. Kutsogolo kunali chiguduli chonyowa chofunditsa nsomba kuti dzuwa lisazipse.

Zonsezi zinalipo kuyambira kale. Chatsopano chinali zingwe. Kanthu kalikonse tsopano kanali ndi chingwe chake, ndipo zingwe zonse zinkathera pamalo amodzi pansi pa mpando. Ababa anagwira dzanja langa n'kuliyendetsa pamenepo.

"Mfundo imodzi, mpeni. Ziwiri, chokapira. Zitatu, nyambo. Chosalalachi, nangula. Maso ndiwafuniranji pamenepa?"

Anandikhazika pansi pakati pa bwato, n'kundilamula kuti ndisagwedezeke ngati mwana wa sukulu wofuna kutuluka. Iwo anaimirira kumbuyo, anasolola nsungwi, ndipo tinanyamuka.

Chilwa si nyanja yakuya. Malo ambiri nsungwi imafika pansi. Koma usanafike pamadzi oyera umayenera kudutsa m'dambo la njedza, udzu wautali kuposa munthu, m'tinjira topapatiza tokhotakhota. Ine ndi maso anga awiri ndinasokonezeka pa mphambano yachitatu. Ababa ankangokankha, n'kumandiuza zimene nsungwi ikuwauza. Apa matope ofewa, ndiye kuti tidakali pafupi ndi doko. Apa pansi pauma, tikhotere kumanja. Apa tizigoba tikulira, ndiye kuti tatsala pang'ono kutuluka. Phazi limodzi linali patsogolo, lina pambuyo, thupi lonse likutsamira pansungwi n'kuwongokanso, popanda phokoso, popanda kuthovutsa madzi. Munthu amene kunyumba ankapunthwa pa mpando, apa anali ngati mnyamata.

Titatulukira pamadzi oyera anabwezera nsungwi m'malegeni ake osaphonya, anakhala pansi, n'kutenga nkhafi. Kupalasa kwawo n'kwa mbali imodzi yokha. Amamiza nkhafi, amakoka, ndipo pomaliza amaipotoza pang'ono ndi dzanja, bwato n'kumapita mowongoka ngati lakokedwa ndi chingwe. Anandipatsa kuti ndiyese. Tinazungulira pamalo amodzi kawiri, madzi ndinawathira kumaso, ndipo anandilanda nkhafiyo akuseka mpaka kutsokomola.

"Aphunzitsi, bwererani ku choko. Bwato lachita chizungulire."

Kenako anati ndikhale chete. Anapendeketsa mutu. Patali, mwa kamphepo, ndinamva kulira kwa kachitini. Pa mtengo uliwonse umene anazika posonyeza pamene atchera, anamangirirapo kachitini ka tomato kokhala ndi zitsekerero za mabotolo m'kati. Mitengo ya anthu ena inali ndi nsanza zoti azionera patali. Yawo inkaitana mwini wake. Tinapita molunjika, anagwira chingwe, n'kuyamba kuchikoka chikudutsa pa zala. Asanatulutse nsomba ankayamba wanena. "Uyu ndi mlamba wamng'ono. Apa adya nyambo n'kuthawa, akuba. Uyu ndiye wamkulu, samala miyendo." Ndipo zinkakhaladi momwemo. Ankaugwira mlamba kuseri kwa minga yake, kuuchotsa mbedza, kuuponya pansi pa chiguduli, n'kubayanso nyambo ina, manja akungoyenda okha.

Ali dere n'kulinga utayenda naye. Pofika nthawi yobwerera, ine mtima unali utatembenuka. Ndinkakonza kale mawu okawauza achemwali, akuti ababa asiyeni, munthuyu pamadzi amaona kuposa tonsefe. Ndinkanyada, ndipo sindibisa, misozi inkalengeza.

Dzuwa litafika pamutu mphepo inasintha. Ku Chilwa kuli zisumbu za udzu zoyandama, zina zazikulu ngati munda, ndipo mphepo ikawomba zimayenda. Titafika pamene tinatulukira m'mawa, njira panalibe. Chisumbu chinali chitatseka pakhomo.

Ababa sanachione. Nsungwi inawauza zoona, kuti malo ndi omwewo, ndiye anakankha ndi mphamvu, bwato n'kudzibaya m'udzu. Anabwerera m'mbuyo, anayesanso, chimodzimodzi. Kachitatu anakankha mwaukali mpaka bwato linapendeka n'kumwa madzi. Ine ndinkauona mpata, poyera, kumanzere kwathu, mtunda woti ukhoza kuponyako mwala. Koma ndinkadziwa kuti ndikangonena, ndiye kuti ndanena zonse zimene anandituma.

Anaima chilili, nsungwi ili m'manja, thukuta likutsika m'ndevu. Anatembenuzira nkhope uku ndi uku, akumvetsera. Kunalibe kachitini koti kawaitane. Patapita nthawi analankhula motsitsa, ndi mawu amene ndinali ndisanawamvepo.

"Mwanawe, khomo lili kuti?"

Ndinaloza ndi dzanja. Anangokhala chiyang'anire kutsogolo, akudikira. M'pamene ndinazindikira kuti dzanja langalo sakuliona.

"Kumanzere, ababa. Bwererani pang'ono, kenako kumanzere."

Tinadutsa. Titafika padoko anakokera bwato pamtunda, anakapa madzi onse mpaka louma, n'kukhala pamphuno pake.

"Nena tsopano zimene akutuma."

Ndinalephera. Ine wa mawu olemera uja ndinangoti kukamwa yasa.

"Basi, ndamva," anatero. "Ukanakhala kuti sunalipo, bwenzi ndikugogoda udzu umene uja mpaka mawa. Kawauze amako kuti apambana."

Anamasula zingwe zonse zija, chimodzichimodzi, anakulunga mpeni, chokapira, mbedza ndi nangula m'chiguduli, n'kundisenzetsa. Nkhafi ananyamula okha.

Ndinabwerera ku Ulongwe ntchito nditaigwira, ndipo achemwali anandiyamika kwambiri. Sindinayambe ndadanapo ndi kuyamikidwa ngati nthawi imeneyo. Kuchipatala anati diso limodzi likhoza kukonzedwa, koma tidikire madokotala a maso adzabwere, ndipo tsiku lake silinkadziwika. Nditapitanso kumudzi patatha mwezi ndi theka, ndinapeza munthu wina. Ababa ankangokhala pakhonde, manja ali pamaondo. Chakudya ankangochitola pang'ono. Kuseka kunatha, ngakhale kukangana ndi amayi, kumene kunali ngati tiyi wawo wa m'mawa, kunatha. Ku mzikiti ankachita kuwakoka. Thalauza linkawagwa m'chiuno.

Amayi ndi mwana wa kumtunda, kwa Nsamala. Anakhala ndi msodzi zaka zonsezo osapondamo m'bwato ngakhale kamodzi. Madzi amawaopa kotero kuti pa mlatho wa Shire amatsinzina. Ndiwonso anayambitsa nkhani yonse yowaletsa ababa. Tsiku lachiwiri ndili pakhomo, anabwera ndi thabwa la chitseko chakale, n'kuliponya pamapazi pa ababa.

"Inu, tadzukani. Mundikhomere pokhala."

"Pokhala pati? Mipando yatha m'nyumbamu?"

"M'bwato mwanumo. Kutsogolo. Ndipo mukhome zolimba, ine si mlamba woti muzingondiponya pansi."

Ababa analipapasa thabwalo ndi phazi.

"Anthu adzati chiyani, mzimayi m'bwato la mbedza?"

"Anthuwo akubwereketsani maso awo? Ine ndinkaopa kuti mudzafera kunyanja. Tsopano mukundifera pakhonde pano ndikuona. Kuli bwino ndizikaopa ndili komweko."

Ababa anagwira thabwa lija, analiyeza ndi zikhatho, analigogoda kuti amve ngati lafumbwa. Kenako anandiitana ndi mawu awo akale aja, okalipa.

"Iwe, ukungoima ngati mtengo bwanji? Sowo ili kuti?"

Tinagwira ntchito masiku awiri padoko. Mpando wa amayi anauika motsika kuti bwato lisamapendeke, anaukuta ndi mphira, anauikira kotsamira msana, ndiponso anakhoma timitengo tiwiri m'mbali toti azigwira mantha akawapeza. Anawayeza katatu, kuwakhazika ndi kuwadzutsa bwato lili pamtunda, mpaka amayi anakalipa kuti sakusoketsa diresi. Asodzi anzawo ankabwera kudzaonerera, ena akuseka, ena akupukusa mitu. Ababa ankangokhoma, misomali ili pakamwa.

M'mawa wa tsiku lachitatu ndinawaperekeza. Amayi anamanga chitenje cholimba m'chiuno, ananena bisimila katatu, n'kulowa m'bwato chokwawa. Anagwira timitengo tija mpaka mitsempha ya m'manja inatuluka. Ababa anasolola nsungwi, anakankha kamodzi, ndipo njedza inawameza. Sindinkawaonanso, koma mawu ankandipeza.

"Kumanja! Ndati kumanja, inu!"

"Kumanja ndikudziwa! Njira imeneyi ndinayamba kuyenda musanabadwe!"

"Nanga udzu uwu mukuugundiranji?"

"Tsegulani maso kaye, mwatsinzina, ndikumva!"

"Ndatsegula limodzi!"

Kenako ndinamva ababa akuseka, kuseka kuja kothera m'chifuwa. Ndinakhala pansi pamatope, ndi thalauza langa lomwelo, ndipo ndinalira osasamala kuti asodzi akundiona.