Kamchere ka M'chigoba

Senderani kuno, adzukulu. Mchere mwatayira pansiwu wandikumbutsa zina.

Ndili kamtsikana, tikukumba nsawa ku Mlolo, kunatulukira mayi wothawa nkhondo ya ku Mozambiki, mwana kumsana, pakamwa atamangapo sanza yonunkha magazi.

"Pepani, achemwali," anatero amayi anga. "Akupambana ndani kwanuko?"

Mawu ake ankatuluka movutika. "Aboma ali ndi ndege, koma tchire amaliopa, ndiye akufuna tonse tikakhale kumisasa yawo. Akutchire akufuna mpando, koma alibe ndi mchere womwe. Atandipeza ndi kamchere m'chigoba anati, 'Wakupatsa ndi boma, eti? Uziseka mpaka kufa.' Aboma atafika ananditenthera nkhokwe, ati ndimadyetsa zigawenga."

Anamasula sanza ija. Milomo panalibe, mano okhaokha ali pamtunda, ntchentche zikuterapo.

Amayi anamupatsa chikho cha madzi. Anayesa kumwa, madzi n'kumangodutsa m'mano, kutsikira pachifuwa.

"Tsitsani mwanayo, amweko," anatero amayi.

Mayi uja anakhwimitsa mfundo ya mbereko.

"Musiyeni. Uyu anasiya kulira dzana."