Tsempho Limene Silinali Tsempho

Mimba yanga yachitatu inali yaing'ono. Anzanga a Mvano ankandiseka kuti ndangomeza bango, ine n'kumaseka nawo. Koma nesi wa kusikelo sanaseke. Anandiyeza ndi tepi kawiri, n'kunditumiza ku Lilongwe, komwe kunali makina ounikira mwana ali m'mimba.

Ndinapita ndekha, khadi la chipani, lomwe masiku amenewo sunkayenda wopanda, nditamanga pansonga ya chitenje, poti amuna anga anali kalikiliki kusoka fodya. Dokotala anandipaka mafuta ozizira pamimba n'kuyang'anitsitsa pakagalasi nthawi yaitali. Nesi ndiye anamasulira.

"Mayi, mwanayu ndi wamwamuna. Njira yake ya mkodzo ndi yothina, chikhodzodzo chafufuma ndipo impso zikuvutika. N'chifukwa chake madzi achepa m'mimbamu. Akangobadwa mudzabwere naye."

Kwathu ku Msakambewa mwana wosabadwa sumunenera zoipa, ukatero wamulodza wekha. Choncho nditafika ndinangoti, "Akuti zonse zili bwino."

Anabadwa, analira ngati anzake. Ankakodza modontheza, komabe ankakodza. Ndinadziuza kuti makina nawonso amalakwitsa, ndipo sindinabwerereko. Ndine wamakani ine, sindikana.

Ali ndi zaka zinayi anayamba kutupa mapazi, kenako nkhope, maso n'kutsala timizere. Amayi ndi amalume sanachedwe kupeza dzina la nthendayo: tsempho. Mwana akatupa chonchi, amati bambo ake ayenda ndi mkazi wina. Amuna anga anali mkamwini pamudzi pathu, munthu wofatsa, woimba kwaya. Anawakhazika pansi m'chigafa.

"Akamwini, nenani zoona kuti mwana achire," anatero amalume.

"Ine sindinayende kwina, amalume. Mulungu ndiye mboni."

Atatero amuna anga anatembenukira kwa ine. Mawu onse a dokotala anali pakamwa panga, koma ndinawerama. Ndinaopa kufunsidwa chimene ndinakhalira chete zaka zinayi. Manyazi a tsiku limenelo sanandichoke mpaka lero.

Pa tsiku lachitatu amuna anga anavomera tchimo limene sanachite, poganiza kuti mwina mankhwala a tsempho angamuthandize mwana. Nkhani inafika kumpingo, anawaimitsa mgonero ndipo kukwaya anasiya. Mwana anapitirira kutupa. Mkodzo utalekeratu kutuluka, tinamunyamula pa njinga kupita kuchipatala cha mishoni.

Dokotala wa kumeneko atamuyeza anati impso zonse ziwiri zinatheratu, ndipo vutoli anabadwa nalo. Kenako anandifunsa, amuna anga ali chiimire pambali panga, ngati sanandiunikepo ndili ndi pakati. Ndinati anandiunika. Anafunsanso zimene anandiuza, ine n'kunena zonse.

Mwana wathu anatisiya patatha masabata awiri. M'masiku onsewo bambo ake sanandifunse kanthu. Ankangomunyowetsa milomo ndi kansalu, n'kumamuimbira chapansipansi.

Titaika maliro, titametanso, anandipeza kudimba ndikuthirira mpiru.

"Amake mwana, m'chigafa muja munkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

Anakhala pamzere akufikisa dothi m'manja. Ndinati madzulo omwewo ndikaulula kwa amayi ndi amalume, ndi kwa akulu a mpingo omwe.

"Musakanene," anatero. "Ine anandizolowera kale. Inu akakutchani mfiti yodya mwana wake, ndipo ana awiri otsalawa akufuna mayi."

Ndinawamvera, mwina chifukwa cha ana, mwina chifukwa cha mantha omwe aja. Anakhala nane zaka zina makumi awiri, anthu akuwaloza chala kuti ndi bambo amene anapha mwana ndi chiwerewere. Anapita nalo kumanda dzina limenelo, ine ndili pomwepo.