Mayi Amene Linga Linamudyera Nyumba

Inu amene mwatopa ndi kuyambanso moyo, tamverani za Hogila, mayi wophika buledi pa chipata cha kumadzulo kwathu kuno ku Yerusalemu.

Tsiku limene ambiri tinayamba kumudziwa, anali atakhala pamulu wa dothi ndi miyala, dzuwa likuswa mtengo. Dzulo lake muluwo unali nyumba yake. Sankalira, misozi inali itamuthera kale m'njira.

Hogila anachokera kumpoto, kufupi ndi Samariya. Ankhondo a Asiriya atawononga dzikolo, anagwira mwamuna wake ndi ana ake aamuna awiri n'kupita nawo kutali, ndipo sanamvenso za iwo. Iye anathawira kuno pamodzi ndi khamu la anzake. Onsewo anamanga tinyumba ta dothi ndi miyala paphiri la kumadzulo, kunja kwa linga. Ife eni mzinda tinkawaseka kalankhulidwe.

Kenaka kunamveka kuti Asiriya aja akubwera kwathu. Nduna zinauza mfumu kuti ingolimbitsa linga lakale. "Akumpotowa adzionere okha, mbuye wathu. Makolo awo anatipandukira kalekale."

Mfumu inakana. "M'bale wako atagona pakhonde, fisi akulira, ungatseke chitseko? Linga latsopano lizungulire phiri lonselo."

Anthu onse othawa kwawo anavina. Koma amisiri atakoka chingwe choyezera, chinadutsa pakati penipeni pa nyumba ya Hogila. Nyumbayo inagwetsedwa pamodzi ndi zina, ndipo kapitawo wa ntchitoyo anati eni ake onse awapezera malo ena. Amene anali ndi abale owalankhulira anawapezeradi. Hogila analibe womulankhulira, ndipo anaiwalika.

Akanatha kukhala pachipata n'kumapempha. Iye anapita kukakunkha barele m'minda ya kuchigwa. Anabwereka mphero kwa mayi wina, n'kutenga dothi la nyumba yake yogwa ija kuumbira kauvuni. Anali ataona kuti amuna omanga linga amafika masana ali ndi njala yoopsa.

Buledi woyamba anatuluka wakuda kunja, wosapsa m'kati. Wachiwiri anali gwa. Pelatiya, bambo wina wanthabwala amene ankatuta miyala pa abulu, anamuluma kamodzi n'kugwira tsaya.

"Mlongo wanga, ameneyu musagulitse. Perekani kwa amisiri aike m'lingamu. Asiriya akadzamugunda, mikondo yawo idzapindika!"

Amuna onse anafa nalo phwete. Hogila manyazi anamugwira, koma anayankha.

"Sekani, achimwene. Mawa mudzabwera ndi mano omwewo."

Mawa lake anachepetsa moto. Tsiku lina mvula inagumula uvuni uja, iye n'kuumbanso. Tsiku lina galu anamubera ufa wokanda, nagona ndi njala. Manja ake anadzala zipsera. Koma pang'ono ndi pang'ono buledi anayamba kufewa. Anawaza chitowe pamwamba monga amachitira kwawo, nadontheza timafuta ta azitona. Fungo lake linayamba kuitana anthu lokha. Pelatiya yemwe uja ndi amene ankafika woyamba, n'kumanamizira kuti abulu ake ndiwo amakana kudutsa pamalopo.

Ntchito itakula, Hogila anaitana amasiye anzake akumpoto amene ankangokhala manja m'khosi. Wina ankapera, wina kukanda, wina kutola nkhuni. Komabe onsewo ankagona pansi pa kachisakasa ka nthambi, m'mbali mwa njira.

Mfumu yathu inali ndi chizolowezi chimene nduna sizinkachikonda. Inkayendera ntchito wapansi, fumbi lili mbuu m'mapazi, n'kumafunsa amisiri mmene zikuyendera. Tsiku lina masana inaima pa uvuni wa Hogila. Inanyema buledi, n'kudya ili chiimire.

"Mayi, ameneyu ndi buledi. Nyumba yanu ili pati, kuti anyamata anga azidzagula?"

Hogila anagwada. Amasiye anzake anamukodola kuti akhale chete. Mawu olakwika pamaso pa mfumu amatha kumuchotsa munthu mumzinda, ndipo kunja kunali nkhondo. Koma iye anatukula mutu.

"Mbuye wanga mfumu, mukhale ndi moyo wautali. Nyumba yanga mwaiponda. Ili pansi pa linga lanu."

Mfumu inayang'ana pansi pamene inaima, kenaka inayang'ana kapitawo uja, amene anayamba kufotokoza zambirimbiri. Inamuletsa ndi dzanja.

"Lamulo logwetsa ndinapereka ndine. Ndinawerengera miyala, anthu osawawerengera. Mayi, ndakulakwirani."

Ambiri a ife tinali tisanamvepo mfumu ikunena mawu otere. Inalamula kuti apatsidwe malo pafupi ndi chipata chatsopano, ndi kuti ena onse oiwalika afufuzidwe. Kenaka inamufunsa ngati angathe kuphikira omanga linga onse, barele akuchokera ku nkhokwe za mfumu.

"Ndekha sindingathe, mbuye wanga. Koma ndi amayi awa, tingathe."

Anathadi. Mauvuni anachuluka mpaka kudzaza bwalo lonse. Linga linatha nthawi yake isanapitirire.

Asiriya anafika monga kunanenedwera. Anatentha midzi ya kuchigwa, nazinga mzinda wathu. Tinkaona mahema awo tikakwera padenga. Mfumu inkazungulira m'misewu kulimbitsa anthu mitima, n'kukwera ku Kachisi kukapemphera. Hogila naye sanazimitse moto. Buledi anachepa kukula, koma mwana aliyense wa paphiripo ankalandira kachidutswa kake, wakumpoto ndi wakuno yemwe. Mmawa wina tinadzuka n'kupeza adani atapita. Mulungu anatikumbukira.

Lero Hogila ndi wokalamba. Mwamuna wake ndi ana ake sanabwerere, ndipo akawatchula mawu amanjenjemerabe. Koma muone nkhope yake akakhala pakhomo madzulo, adzukulu a anzake atamuunjirira, wina akumukoka mpango, wina akumupempha nkhuyu. Ndi nkhope ya munthu wokhutira. Atsikana amene anawaphunzitsa ali ndi mauvuni awoawo mpaka ku Betelehemu, ndipo mumzinda muno palibe ukwati umene umachitika iye osaitanidwa.

Chaka chathachi kunafika mtsikana wochokera kumudzi wina wa kuchigwa, mwana kumsana, wopanda kanthu m'manja. Anaima pakhomo pa Hogila n'kuyamba kulira.

"Amayi, ine zanga zatha."

Hogila anamupatsa madzi akumwa, namulandira mwana uja n'kumukhazika pamiyendo pake.

"Idya kaye, mwana wanga. Ukakhuta usambe m'manja. Ufa uwo ukudikira wokanda."

Mtsikanayo pano ndi amene amatsegula uvuni m'mamawa, ndipo amaimba akamakanda.

Nanunso mwina chimene chinapulumutsa anzanu ndi chomwe chinakugwetserani nyumba. Mwina mwayesa, anthu n'kukusekani. Dzukani mawa muyesenso. Pamene muyenera kulankhula, lankhulani mwaulemu koma mosabisa. Ndipo mukapeza poima, kokani mnzanu aime nanu. Abale anga, mtima wokhawo musautaye.