Nsapato Zimene Ndinatumiza Kuchokera ku Joni

Ndinatsimikiza zochoka tsiku limene kapitawo anakana dengu langa la tiyi, ati ndathyola masamba okhwima. Zaka zisanu ndi ziwiri ndikuthyola tiyi pa esiteti ya kufupi ndi kwathu ku Khonjeni, nyumba yanga inali ikadali ya udzu. Bambo anga, amene anasiya ntchito pa esiteti yomweyo atawapeza ndi matenda a shuga, sanandiletse. Anangoti, "Pita, koma Sabata usakaliiwale."

Ku Joni ndinayamba ndi kutchetcha kapinga. Tinkagona anthu anayi m'kachipinda ka malata, ndipo sindibisa, miyezi yoyamba ndinkalira ndikakumbuka kwathu. Kenako ndinapeza ntchito yosamalira mkulu wina wa shuga amene anali atadulidwa kale mwendo umodzi. Nesi wake, mayi wosaseka ndi munthu, anandiuza tsiku loyamba lomwe kuti, "Phazi la munthu wa shuga likavulala silinena. Uzilifunsa ndi maso."

M'mawa uliwonse ndinkasambitsa phazi lotsalalo ndi madzi ofunda, nditayamba ndawayesa ndi chigongono. Ndinkalipukuta mpaka pakati pa zala, n'kulidzoza mafuta, koma pakati pa zalapo ayi. Ndinkayang'ana chidendene ndi kunsi komwe, kufunafuna thuza kapena mng'alu. Nsapato ndinkayamba ndapisamo dzanja, kuopa kamwala. Zaka zitatu ndinachita zimenezi kwa bambo a eni, koma a ine mwini sindinawafunsepo za mapazi awo. Pafoni zinkangokhala "Muli bwanji?" "Tili bwino." "Ndalama ija mwalandira?" "Talandira, Mulungu akudalitse."

Chaka chachitatu ndinafuna kuti anthu a ku Khonjeni adziwe kuti bambo anga, a Namakhwa, ali ndi mwana kunja. Ndinawafunsa saizi, iwo anati eyiti. Imeneyo inali saizi ya magambutsi a pa esiteti, aja olowa ndi sokosi ziwiri malo n'kutsalabe. Ine ndinagula nsapato zachikopa zakuda, zosongoka kutsogolo, zonyezimira moti munthu n'kudziona nkhope.

Patapita miyezi, mayi ananditumizira uthenga wa mawu. "Abambo ako nsapato zija asakuvula, olo kuchigayo akumapita nazo. Koma mgonero wadutsa kawiri asakupita. Akuti mutu."

Kumpingo kwathu kwa Sabata, tisanadye mgonero timasambitsana mapazi, amuna paokha, amayi paokha. Bambo ndi dikoni, mabeseni ndi matawulo a mpingo amasunga ndi iwo. Munthu wotero kujomba mgonero chifukwa cha mutu? Mawa lake, nditagwira phazi la mkulu uja m'manja, ndinazindikira kuti bambo akuthawa kuvula nsapato pamaso pa anzawo. Ndinapempha tchuthi, anandikaniza, ndiye ndinasiya ntchito. Ndalama zimene ndinkasungira malata zinapita kwa kondakitala wa basi.

Ndinafika nthawi ya chiperoni, minda ya tiyi itakutidwa ndi nkhungu. Bambo anandichingamira kumsewu atavala nsapato zija, akutsimphina pang'ono.

"Ababa, tavulani ndione mapazi."

"Wachoka ku Joni konse kudzandivula nsapato? Mwana satero."

Masiku atatu ndinakakamira, iwo osagonja. Ukali ndinatengera kwa iwo omwewo, choncho panyumba panali ngati pakumana atambala awiri. Mayi anandinong'oneza kuti bambo amadzitsekera kubafa, kuviika phazi m'madzi otentha a mchere n'kumapala ndi lezala. Ndinachita mantha, chifukwa phazi la dzanzi limapsa mwini wake osamva.

Lachisanu m'mawa ndinatenga beseni limodzi la mpingo ndi thawulo loyera, ndinathiramo madzi ofunda, n'kukagwada pamene anakhala pakhonde.

"Adikoni, mwajomba mgonero kawiri. Ndabwera kudzakusambitsani."

Zaka zonsezi ndi iwo amene ankadzudzula amuna okana kusambitsidwa, ndiye akanati chiyani? Anatambasula mwendo.

Sokosi inali itamatirira. Pambali pa kachala kakang'ono panali chilonda chonunkha, ndipo kachalako kanali katada.

"Sichikupweteka ayi," anatero.

"Vuto lake ndi limenelo, Ababa. Nanga mutaona kuti zikuthina, bwanji simunazisiye?"

"Unagula ndi thukuta lako. Anthu akandiona amati, awo ndi bambo a mwana wa ku Joni uja."

Ndinakwiya, ndinachitanso manyazi, chifukwa chilondacho ndinachitumiza ndine, chokulungidwa bwino m'katoni. Sindinadikire kuti Sabata lidutse. Tinakwera kabaza kupita kuchipatala tsiku lomwelo. Kachala kaja anakadula, phazi linapulumuka. Adokotala anati tikanachedwa, bwenzi tikukamba za mwendo.

Ku Joni sindinabwerereko. Ndikulima nthochi, ndipo m'mawa uliwonse ndimayendera mapazi a bambo ndisanapite kumunda. Tsopano amavala nsapato zofewa, zotakasuka kutsogolo, ndipo sawothanso moto atayandikiza mapazi ku mbaula.

Pa mgonero wotsatira ndinaona chimene sindinkachiona ndisanachoke. Amuna a kwathu, ouma mitu, osafuna kupita kuchipatala mpaka atanyamulidwa, amapereka mapazi awo m'manja mwa anzawo kanayi pachaka. Timangothira madzi tikuimba, maso ali kudenga. Tsiku limenelo bambo anagwada kwa a Mulekano, mnzawo wa pa esiteti amenenso ali ndi shuga, ndipo ndinawamva akuti, "Tambasulani zala, achimwene, ndione pakatipa." Anapezapo mng'alu, ndipo Lolemba anawaperekeza kuchipatala.

Nsapato za ku Joni zija ndinafuna kuzigulitsa ku msika wa Luchenza, bambo anakana. Zili pamwamba pa kabati. Sadzazivalanso, koma Lachisanu lililonse amazitsitsa n'kuzipaka polishi.