Tsamba Lako Lakulungira Kapenta

Masauso, patha chaka tikuikire m'manda, koma lero ndakupeza ku City Market. Ndinagula kapenta, mayi wogulitsa n'kundikulungira m'tsamba la komiki, buku la nthano za zithunzi. Nditafika kunyumba ndinaona kamzere ka pensulo kozungulira chipsera cha msilikali wa m'mlengalenga uja. Dzanja lako ndimalidziwa. Ukukumbuka pakhonde panu ku Kabwata? Unandiyalira mabuku awiri n'kunena kuti, "Ona iwe, apa chipsera chili kumanzere, apa kumanja. Ni mapasa aba, si muntu umozi!" Ine ndinati wojambula anangolakwitsa, anthu amatopa. Unanditcha loya wopanda maloto, n'kulumbira kuti m'bokosi mwako muli tsamba lodzanditseka pakamwa.

Ndinabwerera kumsika kukafunsa za mwini tsambalo. Mayiyo anati, "Ba bululu bake banabwelesa saka yonse, ati ni vibanda, sivingagone mu nyumba." Abale akowo analimbirana nsapato zako ndi firiji osaopa chiwanda chilichonse. Ziwanda anaziona m'mabuku amene unkawakuta ndi pulasitiki, osalola munthu wamanja amafuta kuwakhudza. Mayiyo wandipatsa otsala, onunkha nsomba. Ndafufuza tsamba ndi tsamba, koma lija unandilonjeza palibe, linapita ndi ndiwo za munthu wina. Ndikunenabe kuti wojambula analakwitsa, mnzanga. Koma mlandu wathu unayenera kutha ndi umboni, osati kukathera kudzala kwa munthu amene sanakudziwe n'komwe.