Mabotolo opanda dzina m'kabati ya ku labu

Ena akamva nkhaniyi amati ndikukokomeza, koma ndikunenetsa kuti zinandichitikiradi, ndipo wokayika abwere adzandiyang'ane kumaso.

Nditasiya kuthyola tiyi ku esiteti ndinapeza ntchito yokolopa pakoleji ina kuno ku Mulanje, ndipo anandiika ku labu, chipinda chimene ophunzira amayeseramo mankhwala. Ndinkadziona ngati ndalemera, poti mvula inasiya kundinyowetsa. Koma palibe anandikhazika pansi n'kundiuza kuti ichi chimawotcha, ichi sanunkhiza, anangondipatsa chikolopa ndi ndowa basi.

Tsiku lina kunamveka kuti mawa lake kubwera alendo ochokera ku yunivesite, kudzaona mmene tikusungira mankhwala komanso ngati pali choopsa chilichonse. Inu mukudziwa mmene timachitira kukamabwera alendo, zonyansa zonse timakankhira kuseri kwa chitseko. Ndiye abambo amene ankayang'anira labuyo, munthu wophunzira bwino wovala chijasi choyera, anatsegula kabati yapansi n'kutulutsa mabotolo akalekale, mapepala a mayina atafufutika, n'kundiuza kuti ndikhuthulire zonsezo mundowa imodzi ndikataye kudzenje alendo asanazione. Nditafunsa ngati sizoopsa, anati mphamvu zinatha kalekale, atsala ndi madzi chabe, n'kuthamangira kumsonkhano. Nanga ine wolekezera Sitandade 6 ndikanatsutsana ndi chijasi?

Botolo loyamba, bwinobwino. Lachiwiri, bwinobwino. Nditathira lachitatu ndowa inayamba kuwira popanda moto, kenako zinangoti phuu kundithovukira kumaso, utsi uli tolotolo. Zinali ngati wina wandiika makala amoto m'maso. Ndinabanika, mawindo onse otseka, ndipo nditakwawira pampopi wa m'chipindamo ndinapeza uli gwa, wouma monga mwa masiku onse. Ndinkakuwa ndikupapasa chitseko, mumtima ndikuti basi, nkhope za ana anga sindidzazionanso. Mlonda ndi amene anandikokera panja n'kunditsanulira madzi a m'chigubu chake, kenako wakabaza anandithamangitsira kuchipatala.

Chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero n'chakuti alendo aja anabweradi, anapeza labu ili mbee, kabati ilibe kanthu, anayamikira n'kumapita. Ine ndili gone pabedi, bandeji kumaso, abambo aja anatulukira ndi chinanazi n'kundinong'oneza kuti wina akafunsa ndizinena kuti ndinadzithira ndekha mankhwala okolopera. Chinanazi, anthuni, zamanyazi bwanji!

Madokotala anapulumutsa diso lakumanja, lakumanzereli linafa. Panopa ndimakhulupirira kuti oyendera malo oterewa asamanene tsiku lobwera, ndipo akafika azifunsa wokolopa, chifukwa ndiye amatumidwa kukabisa. Inunso amene mwapeza kantchito kotere, botolo lopanda dzina musalitsegule, ngakhale wokutumaniyo akhale bwana. Iye akamati sizoopsa, mumupatse ndowayo athire yekha, muone ngati sakumbukira kuti ali ndi msonkhano.